Zikwama Zokanidwa

Zikwama zoyamba zimene ndinauzidwa kuti ndiwotche zinali khumi ndi zinayi. Ndinaziunjika kuseri kwa chisakasa chathu, m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, n'kuthira palafini pang'ono. Mitengo itatu ya machesi inandizimira m'manja. Wachinayi utagwira, mlaza wouma sunadikire kupemphedwa. Ndinayamba Pemphero la Ambuye chamumtima, koma ndisanafike pa chakudya chalero, ntchito ya milungu isanu inali itasanduka phulusa. Ndinajambula phulusalo pa foni n'kutumiza ku Blantyre, monga anandilamulira. Kenako ndinakasamba m'manja kawiri, ngakhale sindinakhudze chodetsa chilichonse.

Ine ndinabadwira kutsidya, kum'mawa kwa nyanja, pafupi ndi mishoni yakale. Bambo anga anali msodzi, ndipo Lamlungu ankaliza belu la tchalitchi. Ukwati ndi umene unandiwolotsa Shire. Mwamuna wanga atamwalira, ndinalowa m'gulu la amayi oluka mlaza pamsewu. Tinalipo makumi awiri ndi awiri, ambiri Asilamu. Tinkaluka mikeka, zipewa ndi zikwama, n'kumazipachika pa nsungwi kuti apagalimoto aziona. Tsiku lina galimoto zitatu zinkaima, tsiku lina fumbi lokha.

Mkulu pa ife tonse anali mayi wina wa Chiyao amene ndinkamutchula kuti achemwali. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kung'amba mlaza mofanana ndi chikhadabo, ndi kuunyowetsa usanalukidwe. Ankandinena kuti asisitere, chifukwa ndinkasunga makiyi a tchalitchi chathu chaching'ono ndipo sindinkaluka Lamlungu. Ine ndinkawabwezera kuti Lachisanu masana chisakasa chimasanduka changa ndekha.

Chaka china, nyengo ya mwera, panaima galimoto yoyera. Munatuluka mzungu wokalamba, woonda, wovala shati yopanda cholemba chilichonse ndi nkhwaira zakutha. Tinamuyesa mmodzi wa alendo odzaona nyanja ku Chembe amene amanenerera ngakhale mtengo wa nthochi. Kumbuyo kwake kunali mayi wa ku Blantyre wa nsapato zazitali, amene kuyambira tsikulo tinkangomuti madamu. Mzunguyo sanatipatse moni. Anatsitsa chikwama cha achemwali, n'kuchitembenuza kunja kukhala mkati, n'kuchinunkhiza.

"Mufunseni, madamu," anatero achemwali, "akufuna kugula kapena kudya?"

Tonse tinaseka. Iye sanafunse chimene tikusekera. Anakhala pansi pa mkeka, napempha singano ziwiri ndi ulusi, natulutsa m'thumba kachikopa. Anasoka chogwirira pa chikwamacho, singano ziwirizo zikudutsana pa bowo limodzi, osayang'anapo n'komwe. Kuseka kunatha. Manja amenewo anali a munthu amene anaphunzira ntchito ali mwana.

Mbiri yake ndinaimva pang'onopang'ono kwa madamu, miyezi yotsatira, akabwera kudzatenga katundu. Ankati bwanayo ndi mkulu wa kampani ya ku Ulaya yogulitsa zikwama, mawotchi ndi mafuta onunkhira, zinthu zimene ogula ake safunsa mtengo. Chuma chake, ankatero, ngakhale mwini wake sangachiwerenge tsiku limodzi. Koma anabadwira m'katauni ka anthu ofufuta zikopa. Bambo ake ankasoka zomangira akavalo, ndipo akavalo atachepa anayamba kukonza nsapato. Kusukulu anzake ankamuthawa kuti akununkha chikopa. Asanakwane zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anapita kumzinda waukulu, nakalembedwa ntchito yokulunga katundu m'mapepala pa sitolo ya zikwama. Anakhala wogulitsa, kenako woyang'anira, kenako anagula sitoloyo. Anagulanso fakitale imene inkaipangira zikwama, ndiye ya mafuta onunkhira, ndiye ya mawotchi. Atangokhala woyang'anira, lamulo lake loyamba linali lakuti katundu wotsala asatsitsidwe mtengo. Wotsala ndi wolakwika aziwonongedwa.

"Ali ndi ndege yakeyake," anatero madamu tsiku lina. "Nyumba ali nazo m'maiko asanu, koma palibe imene amagonamo sabata yathunthu. Wakwatira katatu. Ku Chembe amati amabwera kudzapuma, koma ine sindinamuonepo atamaliza kapu ya tiyi."

Ndinaona ndekha kuti munthu wogulitsa mawotchiyo pamkono pake panalibe wotchi, komabe ankangopayang'ana.

Iye ndi amene anajambula chikwama chimene ankafuna: cha mimba ngati ya bwato, chokhala ndi mizere itatu yakuda, wapakatiwo wopyapyala. Ife tiziluka thupi lake, zogwirira ndi zamkati akaika kwawo. Madamu anatinong'oneza kuti kumeneko chimodzi chimagula injini ya boti. Achemwali anayang'ana manja awo n'kunena kuti, "Walahi, ndiye ndakhala ndikuluka maboti osadziwa."

Ntchitoyo inasintha nyumba zathu. Malata anayamba kuoneka pamadenga, ana amene anasiya sukulu anabwerera. Koma inabwera ndi lamulo. Chikwama chilichonse chiziyezedwa ndi tepi, mizere iziwerengedwa. Chokhota ngakhale pang'ono chikanidwe. Woluka alandire zake ndithu, koma chokanidwacho chiwotchedwe pakutha pa mwezi, ndipo chithunzi cha phulusa chitumizidwe. Madamu atafunsa kuti woyeza akhale ndani, amayi onse anandiloza.

"Asisiterewa," anatero achemwali. "Amawerenga, amalemba, ndipo bodza limawatsamwa."

Ndinakondwa. Ndikuvomereza kuti ndinakondwa kwambiri ndi mawu amenewo.

Nditawotcha zoyamba zija, mtima wanga sunakhale m'malo. Ndinkayamba mkeka n'kuusiya, kupita kumjigo ndi ndowa yodzadza kale, kusesa posesa. Kwathu sititaya kanthu. Mkeka ukatha umakhala chotchinga ku bafa, ukonde wong'ambika umamanga denga, chidebe chobooka chimadzalidwamo tsabola. Mayi anga ankatola ngakhale njere za mpunga zogwera pansi, imodziimodzi. Tsono ine, mwana wawo, ndinali nditathira palafini pa zinthu zatsopano, zolimba, zimene cholakwa chake unkachita kuchifunafuna ndi tepi.

Lamlungu la sabata yachitatu inali nthawi yanga yowerenga Malemba mawu asanalalikidwe, popeza ansembe anali kunthambi ina. Inali nkhani ya khamu lija limene linadya n'kukhuta m'chipululu, Ambuye nalamula kuti makombo atoleredwe m'mitanga, pasatayike kanthu. Nditafika pamenepo ndinaima. Amene angathe kuchulukitsa buledi ndi mawu okha anawerama kusamala zotsala. Nanga bwana uyu, amene sangameretse ngakhale tsamba limodzi la mgwalangwa, akuti wotchani? Ndinatuluka m'tchalitchi nditagamula kale, ndipo ndinadziuza kuti Mulungu ndi amene wandilankhula. Lero sindilimba mtima kunena choncho.

Pakutha pa mwezi wachiwiri ndinasonkhanitsa mikeka yakutha ndi zidutswa za mlaza, n'kuziwotcha kuseri kuja. Phulusa la mlaza ndi limodzi. Ndinajambula, ndinatumiza, madamu anayankha kuti zikomo. Zikwama zokanidwa ndinazibisa m'thumba la chimanga, ndipo ndinayamba kugawa.

Sindinagulitse ngakhale chimodzi. Ndinapatsa azakhali a malemu mwamuna wanga, amayi amasiye a mumpingo, mayi wina wogulitsa tomato, mzamba wopuma ntchito wa m'mudzi mwathu. Aliyense ankalandira ndi manja awiri, atagwada kapena atapinda bondo. Ena ankabwera mawa lake ndi nkhuku, ena ndi mbale ya mpunga, ena ndi pemphero lokha. Ankaziikira zogwirira za chingwe cha ukonde kapena za mphira. Amayi a pachisakasa ankadziwa, koma palibe ananditsutsa. Achemwali nawonso ndinawapatsa chimodzi, cholukidwa ndi manja awo omwe. Ndinali nditachikana chifukwa mzere wapakati unakhota, pakuti diso lawo lakumanzere linali litayamba ng'ala. Anachilandira ndi manja awiri. Lachisanu lililonse ankanyamuliramo mpango wawo wopempherera popita kumzikiti.

Miyezi inayi inatha choncho. Zonse pamodzi zinakwana makumi atatu ndi chimodzi. Ndikamaona mayi akudutsa pamsewu nacho pamapewa, mtima unkasangalala, kenako n'kugunda. Pa Misa ndinayamba kukhala kumbuyo. Mwezi uliwonse ndinkatumiza chithunzi chabodza, ndipo mwezi uliwonse ndinkati kano n'komaliza.

Mwera utabweranso, bwana anabwera ku Chembe. M'mawa wina akuyenda m'mphepete mwa madzi, pamene amayanika nsomba pa thandala, anakumana ndi mayi atanyamula chikwama cha mizere itatu, chodzadza usipa. Pobwerera ku loji anaona china kumbuyo kwa njinga yamoto, mutu wa nkhuku uli panja. Foni yanga inalira dzuwa lisanakwere.

"Mayi, tikubwera," anatero madamu. "Musachoke pamenepo."

Atafika, bwana sanakalipe. Bwenzi zitakhala bwino akanakalipa. Ankangoyenda kuchokera pa nsanamira ina kufika pa ina, akuyang'ana pamkono popanda wotchi paja. Amayi onse anali ataika ntchito pansi. Madamu ankamasulira.

"Akuti zilipo zingati?"

"Makumi atatu ndi chimodzi."

"Akuti munagulitsa?"

"Ayi. Ndinapatsa anthu."

"Nanga zithunzi zija?"

"Zinali za mikeka yakutha. Ndinanama, madamu. Amayiwa alibe mlandu, ndine ndekha."

Bwana anaima. Analankhula nthawi yaitali, ndipo madamu anachita kumudula kuti amasulire.

"Akuti mayi amene amagula chikwama ichi sagula chonyamulira. Zonyamulira ali nazo zodzadza chipinda. Amagula kuti mnzake alibe. Akuti mlendo mmodzi yekha wa ku Chembe akajambula chikwamachi chili ndi usipa n'kuchiika pa foni, amayi akwawo sachifunanso, ndipo sipakhala chifukwa choti inu muluke."

"Koma bwana," ndinatero, "zinali zabwino. Zimanyamula."

Madamu atamasulira, iye anandiyang'ana koyamba m'maso.

"Akuti akudziwa. Akuti bambo ake akanachita zomwe mwachitazi. Ankasokera anthu nsapato n'kuwonjezera chidendene chaulere. Akuti onse ankawakonda, ndipo anamwalira m'chipinda chimodzi, cha kuseri kwa nyumba ya eni ake."

Chigamulo chinali chachidule. Zonse makumi atatu ndi chimodzi zibwerere pachisakasa pasanathe milungu itatu, ziwotchedwe madamu akuona. Chikasowa chimodzi, ntchito ipita kudziko lina kumene mlaza umameranso. Anakwera galimoto osatsazika.

Fumbi lisanatsike, amayi anandizungulira.

"Asisitere, mwatiphera ana!"

"Ine malata ndangokhoma mbali imodzi. Mbali inayo ndifolera ndi Malemba anuwo?"

"Inu munkadziwa," ndinatero.

"Tinkadziwa, koma wojambula anali ndani?"

Achemwali anatenga chikwama chawo n'kumapita.

Munthu wakutali sangamvetse chimene bwana anandisenzetsa, ndipo ndikhulupirira iye mwini sanachidziwe. Kwathu chimene wapereka wapereka. Akulu amati kupatsa n'kuika, ndipo choika chotere suchifukula. Mwana akapatsa mnzake bango n'kulilandanso, anzake amamuwowoza mudzi wonse. Tsono ine, mayi wa zaka makumi asanu, wosunga makiyi a tchalitchi, ndinayenera kuyenda khomo ndi khomo kukalanda mphatso, zina nditadya kale nkhuku zake.

Ndinayamba ndi azakhali a malemu mwamuna wanga. Ndinatenga dengu latsopano loti ndisinthanitse. Ndinakhala pakhonde pawo kuyambira m'mawa, kukamba za mvula, za nyamakazi, za mbuzi, osatha kuyamba. Iwo ndi amene anandithandiza.

"Apongozi, mwabwera ndi dengu koma simukulitula. Pali maliro?"

Ndinafotokoza. Analowa m'nyumba, n'kukhuthula pa mkeka zonse zinali m'chikwamamo: buku lawo la kuchipatala, fodya wa m'mphuno, chithunzi cha mwana wa mchimwene wawo, amene anali mwamuna wanga.

"Tengani," anatero. "Chinalowa m'nyumba muno ndi madalitso. Sindikudziwa kuti chikutuluka ndi chiyani. Dengu lanulo pitani nalo, mungadzalifunenso."

Mawu amenewo ndinayenda nawo milungu yonse itatu. Za m'mudzi ndi za ku Chembe ndinazitolera m'masiku asanu ndi atatu. Ena ankaseka, ena ankangoponyera panja, mmodzi anandifunsa ngati nkhuku yake ikadali moyo. Koma zikwama zabwino sizikhala malo amodzi. Mayi wa tomato anali atapita nacho ku Chiponde. Ndinakwera matola, kukwera mapiri aja, n'kukamudikira pa chipata cha malire tsiku lathunthu chifukwa anali atawolokera ku Mozambique. Amuna a kabaza anandizolowera.

"Amayi, mukudikira basi kapena mwamuna?"

"Ndikudikira chikwama."

"Chili ndi chiyani?"

"Tomato."

Anaseka mpaka mmodzi anatsamira njinga n'kugwa nayo. Ine ndinangokhala pa mwala, kuimirira, kupita pa chipata, kubwerera pa mwala, ngati nkhuku yosowa poikira.

Cha mzamba uja chinali chitapita ku Makanjira. Iye anapatsa mdzukulu wake pa ukwati. Ndinakwera lole pa Mangochi, pamwamba pa matumba a mchere, ndipo tinayenda tsiku lonse, kutsika pa milatho yowola kuti lole iwoloke yopanda anthu. M'njira ndinadutsa kwathu, ndinaona nsanja ya belu la bambo anga patali, koma sindinatsike. Ndikanati ndabwerera chiyani? Ndinayesa kupemphera, koma pemphero linkaima pa mawu opempha chikhululukiro, chifukwa sindinkadziwa kuti ndilape chiti: bodza, moto woyamba uja, kapena moto umene ndinkautolera nkhuni. Mkwatibwiyo anali mtsikana waulemu. Anandigwadira, nandipatsa chikwamacho ndi manja awiri, monga ngati iye ndi amene akundipatsa mphatso. Apongozi ake ankayang'ana ali pa mtondo, osasinja.

Nditabwerera ndinapita kwa ansembe kukalapa. Iwo anati bodza ndi bodza, ngakhale litavala nsalu yoyera. Ndinavomera. Nditafunsa za moto, anangoti tipemphere.

Kutatsala masiku anayi, m'thumba munali makumi atatu. Chotsala chinali cha achemwali. Ndinali nditachisiya dala kumapeto. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, akusankha mpunga, chikwama chili pambali pawo.

"Ndimakudikirani, asisitere. Mwayenda dziko lonse, mwatsiriza ndi ine wapafupi."

"Achemwali, mukudziwa chimene ndadzera."

"Ndikudziwa. Yankho ndi ayi."

"Ndi ntchito ya amayi onse."

"Mlaza ndinadula ndine, kutsidya kwa dambo, minga ikundibaya. Ndinayanika ndine, ndinaluka ndine. Inu munatenga tepi n'kunena kuti diso langa latha. Ndinakhala chete. Kenako munandipatsa ngati mphatso chinthu changa chomwe. Ndinakhalanso chete, ndinalandira ndi manja awiri. Lero mukuti ndipereke kachitatu, kuti muthire palafini? Chalowa mumzikiti chimenechi, asisitere. Mzungu wanuyo akachifuna abwere adzandipemphe yekha, ndimuone mmene amapemphera."

"Wapita kale. Sanadikire."

"Ndiye mukuwotchera munthu amene kulibe."

Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja. Mawa lake ndinatenga mlaza wanga, n'kuyamba kuluka chikwama cha mizere itatu, ndikukhotetsa dala wapakati. Ndinkati ndichipaka dothi ndi mafuta kuti chioneke chakale, chiwerengero chikwane. Ndani akanadziwa? Manja ankathamanga kuposa masiku onse. Nditafika pakati pa mimba yake ndinaima kuti ndiwerenge mizere, ndipo ndinadzimva ndikung'ung'udza nyimbo ya pa Mgonero. Ndinachita mantha. Ndinali nditangolapa masiku awiri apitawo, ndipo ndinali ndikuluka bodza lina ndikuimba. Ndinachimasula chonse, mzere ndi mzere. Sindikunena izi modzitama, chifukwa nditamasula ndinakhala ndikuyang'ana mlazawo n'kumaganiza zoyambiranso. Kawiri ndinaunyowetsa, kawiri ndinausiya kuti uume.

Tsikulo litafika, madamu anabwera dzuwa lili paliwombo. Amayi onse analipo kupatula achemwali. Ndinakhuthula thumba kuseri kwa chisakasa. Zikwamazo zinali zitasintha: china chinkanunkha usipa, china chinali ndi madontho a tomato, china mwana anachijambula ndi bolopeni. Madamu anaimika foni pa nsanamira, ndipo nkhope ya bwana inaonekera mmenemo. Anali m'galimoto, kudziko lina, akuyang'ana kumbali n'kumalankhula ndi munthu amene ife sitinkamuona. Madamu anawerenga mokweza.

"Makumi atatu. Mayi, china chili kuti?"

"Palibe, madamu. Mwini wake wakana, ndipo ine sindingalande."

Kumbuyo kwanga wina anayamba kulira. Madamu anatembenukira ku foni kuti amasulire, koma asanatsegule pakamwa, achemwali anatulukira pangodya ya chisakasa. Sanapereke moni. Anakhala pansi patsogolo pa foniyo, anatulutsa mpango wawo m'chikwama n'kuupinda pamwendo. Kenako anatenga lezala, n'kudula mkombero.

"Muuzeni aone," anatero.

Anayamba kumasula. Mlaza wolukidwa bwino sumasuka msanga, ndipo iwo ankausolola umodziumodzi, kuuwongola pa bondo, n'kuuika pambali, woyera payekha, wakuda payekha. Magalimoto ankadutsa pamsewu. Ndinayang'ana foni ndikuyembekeza kuti yazima, koma bwana anali pomwepo. Anali atasiya kulankhula ndi munthu uja, nkhope ataisendeza pafupi, akuyang'ana zala za achemwali. Pambuyo pake madamu anandiuza kuti zaka zonse zimene anamugwirira ntchito, sanakhalepo pa foni nthawi yaitali choncho.

Atafika pansi pa chikwama, achemwali anamanga mlazawo kamtolo n'kuimirira.

"Chikwama chake palibe," anatero. "Mlaza ndi wanga."

Madamu anamasulira. Bwana ananena mawu ochepa, foni n'kuzima.

"Akuti chiwerengero chakwana," anatero madamu. "Ntchito ipitirira. Koma tepi, mayi, mupereke kwa wina." Anandipatsa machesi. "Ndipo izi mumalize ndinu."

Ndinayatsa. Nthawi imeneyi mtengo woyamba womwe unagwira. Fungo la usipa wopserera linafika mpaka pamsewu.

Papita zaka tsopano. Ntchito ikadalipo, ndipo ine ndimaluka monga wina aliyense. Amene analira tsiku lija anamaliza kukhoma malata. Achemwali anakhala osandilankhula mpaka mvula itagwa, ndipo pamene anayambanso kundinena asisitere, diso lawo linalo linali litayambanso ng'ala. Zikwama zawo zinkakanidwa mwezi ndi mwezi mpaka anasiya okha. Mlaza uja anaulukira chivundikiro cha chakudya, chokhota, chimene amavundikira nacho mbale mwezi wa Ramadani. Azakhali aja anamwalira tisanabwererane bwino.

Bwana sanaimenso pachisakasa. Madamu amati anagula kampani ina, ya nsapato, m'katauni komwe kaja ka ofufuta zikopa, ndipo nyumba imene bambo ake anamwaliramo anaigumula n'kuikapo malo oimika magalimoto. Amati ana ake a maukwati atatu aja akukangana za mpando wake iye akadali moyo, ndipo iye sakufuna kuchoka, ngakhale dzanja lake layamba kunjenjemera. Ndimamutchula m'mapemphero anga, pakati pa odwala ndi apaulendo, chifukwa sindidziwa gulu lina lomuika. Nthawi zina ndimakumbukira za ngamila ndi diso la singano, ndipo mtima umafuna kukondwa kuti iye ndi ngamilayo. Koma ndinamuona akudutsitsa singano ziwiri pa bowo limodzi, ndipo ndinadya ndi ana anga kuchokera m'dzanja lake. Ndimalephera kumuweruza, ndimalepheranso kumukhululukira mpaka pansi, ndiye ndimangomusiya m'manja mwa Mwini wake n'kumutenganso mawa lake.

Woyeza watsopano ndi mayi wokhulupirika. Tsiku lomaliza la mwezi amatenga botolo la palafini n'kupita kuseri. Ine ndikangomuona, ndimaika ntchito pansi, ndimamanga chitenje, n'kunena kuti ndikufuna ulusi ku Mangochi. Ndimakwera minibasi, ndimazungulira msika wonse, ndimafika mpaka pa mlatho n'kuyang'ana kutsidya. Ndimabwerera ulusi osagula, utsi utatha.